Botolo la makobidi a ku Russia: mmene ntchito yosanja ikuyendera

Sabata yoyamba

Botolo ladzaza. Ndi lija la malita atatu lomwe ndinalipeza m'chipinda chino nditangofika ku Voronezh, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikuponyamo chenji chochokera mu minibasi, kumsika ndi pogula buledi. Masiku ano anthu ambiri kuno akulipira ndi khadi kapena foni, choncho makobidi ayamba kubwera mwa apo ndi apo. Ndimafuna ndingowatengera kubanki, koma mlongo wanga ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp kosonyeza khobidi la 5 ruble, ndi uthenga woti, "Achimwene, si zomwe muli nazo m'botolo zija izi? Akuti limodzi lokha mutha kugulira galimoto." Ndinamuyankha kuti, "Chemwali, ndipatseni mwezi umodzi ndiwaone kaye, ndidzakuuzani zoona zake."

Ndiye ntchito ndi imeneyi: kuona khobidi lililonse palokha, kusunga limodzi la chaka chilichonse ndi fakitale iliyonse, ndi kudziwa kuti ndi ati amene osonkhanitsa ndalama amawafunadi. Zipangizo ndi zochepa. Thaulo loyera loyala patebulo, maginito ochotsa pachitseko cha firiji, galasi lokulitsa zinthu, kasikelo kobwereka koyeza magalamu, ndi kope.

Sabata ino ndangowagawa potengera mtengo wake. Atuluka magulu asanu ndi atatu: 1, 5, 10 ndi 50 kopek (kopek ili ngati tambala kwathu, 100 amapanga ruble imodzi), kenako 1, 2, 5 ndi 10 ruble. Akale kwambiri ndi a 1997. Ngakhale alembedwa chaka chimenecho, anayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1998, pamene boma linachotsa maziro atatu pa ndalama, ma ruble 1000 akale n'kusanduka ruble imodzi. Khobidi lililonse lomwe lingagule kanthu m'sitolo lero linabadwa kuyambira pamenepo.

Sabata yachiwiri: ma kopek

Ndayambira pa tating'ono chifukwa ndi tomwe tachuluka. Ma kopek onse anayi ali ndi chithunzi chimodzi: George Woyera ali pa kavalo, akubaya chinjoka ndi mkondo. Chithunzi cha wokwera pa kavalo atanyamula mkondo chili pa ndalama za kuno kuchokera m'zaka za m'ma 1530, nthawi ya Elena Glinskaya, mayi amene ankalamulira dzikoli m'malo mwa mwana wake wamng'ono, ndipo anthu ambiri amati dzina loti kopek linachokera ku mawu achirasha otanthauza mkondowo.

Chofunika kuyang'ana chili pansi pa chiboda chakutsogolo cha kavalo. Pamenepo pali kachizindikiro ka fakitale imene inasula khobidilo: М ngati ndi Moscow, С-П ngati ndi St Petersburg. Mafakitale ndi awiri okhawo. Ya ku St Petersburg ndi yakale, inayamba mu 1724 ndipo ili m'kati mwa linga la Peter ndi Paul. Ya ku Moscow ndi ya 1942. Pa 1 kopek, yomwe m'mimba mwake ndi mamilimita 15.5 okha, kachizindikiroko sikaoneka bwino popanda galasi, ndipo madzulo oyamba maso anandiwawa mpaka ndinasiya. Ndasintha nthawi, tsopano ndikugwira ntchitoyi masana pafupi ndi windo.

Chifukwa chovutikira choncho n'chakuti pali 5 kopek za 2002 ndi za 2003 zomwe zinatuluka popanda chizindikirocho. Pansi pa chiboda pali mbee. Zimenezo osonkhanitsa amazifuna, makamaka za 2002. Zanga za zaka ziwirizi ndaziyang'ana kawirikawiri, zonse zili ndi М kapena С-П.

Maginito andithandiza pa 10 ndi 50 kopek. Kuyambira 1997 mpaka 2006 ankazipanga ndi mkuwa wachikasu, m'mphepete muli timizere tokanda chala, ndipo sizimata ku maginito. M'kati mwa 2006 anasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito chitsulo chokutidwa pamwamba, m'mphepete mosalala, mtundu wake wofiirira pang'ono. Choncho chaka cha 2006 chili ndi mitundu iwiri, ndipo aliyense wofuna kudzaza mndandanda wake amafuna yonse. Ndinangoyendetsa maginito pamwamba pa mulu, zatsopano n'kumadumphira zokha, zakale n'kutsala pathaulo. Ntchito yomwe ndimayesa itenga masiku awiri inatha pa mphindi khumi.

Za 1 ndi 5 kopek zilipo zochepa m'botolomu. Kupanga kwake kunkadya ndalama zambiri kuposa mtengo wake, ndiye anasiya kuzisula mochuluka, ndipo m'sitolo palibe amene amaziwerenganso. Zimandikumbutsa ma tambala kwathu, omwe ali m'mabuku a banki koma pamsika sungagule nawo ngakhale machesi.

Pakati pa sabata yomweyo: ndaononga

Ndilembe izi kuti wina asabwereze. Ndinatenga ma 50 kopek akale okwana khumi ndi awiri omwe anali atada, n'kuwaviika mu viniga wothira mchere usiku wonse. M'mawa ndinawapeza atasanduka ofiira ngati nyama yosapsa, chikasu chonse chitachoka. Ndinatsukanso ruble imodzi ya 1999 ya chithunzi cha Pushkin ndi mankhwala otsukira mano. Ndi maso yawala bwino, koma pansi pa galasi nkhope yonse yadzaza timikwingwirima tosawerengeka. Yandipweteka mtima chifukwa ndinali nayo imodzi yokha, ndipo inatuluka pokumbukira zaka 200 chibadwire wolemba ndakatuloyo. Kuyambira lero ndi madzi ofunda ndi sopo basi, n'kupukuta modinikiza ndi kansalu kofewa, osakhula. Lakuda likhale lakuda.

Sabata yachitatu: ziwombankhanga zitatu

Apa ndi pamene ntchito yayamba kundikoma. Ndinkaganiza kuti ma ruble onse ali ndi chiwombankhanga chimodzi cha mitu iwiri. Nditawayala motsatira zaka, ndaona kuti nkhope yake yasintha kawiri, ndiye pali mitundu itatu.

Pa a 1997, 1998 ndi 1999, pamwamba palembedwa БАНК РОССИИ, ndiye kuti Banki ya Russia, ndipo mtengo wa khobidilo walembedwa m'mawu pansi pa mbalameyo. Kuyambira 2002 anatembenuza: mtengo unakwera pamwamba, dzina la banki n'kutsika pansi. Pa mitundu iwiriyi chiwombankhanga chilibe chisoti chachifumu, m'mapazi mulibe kanthu, mapiko agwera pansi. Chimenechi si chizindikiro cha boma ayi, ndi cha banki, ndipo chinatengedwa pa chojambula cha Ivan Bilibin cha mu 1917, mfumu itangochoka pampando. Kenako mu 2016 panabwera chiwombankhanga cha boma chenicheni: zisoti zitatu, ndodo yachifumu ku phazi limodzi, mpira wachifumu ku linalo, mapiko otambasukira m'mwamba, chishango pachifuwa, ndipo pamwamba palembedwa РОССИЙСКАЯ ФЕДЕРАЦИЯ. Ndikayika ruble ya 2015 pambali pa ya 2016, ya 2016 imaoneka yodzaza zinthu, pamene yakaleyo ili ndi malo opumira. Ine mtima wanga uli pa yakaleyo. Nthenga zake zinajambulidwa mwaukhondo, ndipo ngakhale khobidi litatha, mbalameyo imaonekabe bwino.

Chizindikiro cha fakitale pa ma ruble chili pansi pa phazi la chiwombankhanga, chakumanja ukamaliyang'ana. Zilembo zake n'zolukanalukana: ММД ya Moscow, СПМД ya St Petersburg. Poyamba zonse zimangooneka ngati kachitsotso, koma ukaona makumi angapo diso limazolowera.

Maginito agwiranso ntchito pano, koma chaka chake ndi 2009. Chisanafike chaka chimenecho, 1 ndi 2 ruble zinali zosamata. Kuchokera pamenepo ndi chitsulo chokutidwa, ndipo zapepukako: ruble imodzi inachoka pa magalamu 3.25 kufika pa 3.00, 5 ruble inachoka pa 6.45 kufika pa 6.00. Kasikelo kanga kakugwirizana nazo. Chondisangalatsa ndi 5 ruble yakale. Ukaigwira cham'mbali umaona kamzere kofiira pakati, ngati nyama ili pakati pa mabuledi awiri, chifukwa m'kati mwake ndi mkuwa wofiira, kunja kokha ndi koyera. Yatsopano ilibe kamzereko. Monga zinalili ndi 2006 pa ma kopek, 2009 ili ndi mitundu iwiri pa ma ruble, kuphatikiza mafakitale awiri, ndiye kuti malo anayi m'kope pa khobidi lililonse. Pa 2 ruble ndadzaza onse anayi. Pa 5 ruble kwatsala amodzi.

Nditawandandalika choncho, mipata inayamba kuonekera yokha. Za 5 ruble ndili nazo za 1997 ndi 1998 zambirimbiri, kenako zii mpaka 2008. Ruble imodzi ikulekeza 1999 n'kudzayambiranso 2005, ndipo 2 ruble ikuyambiranso 2006. Sikuti botolo langa ndi losauka. Zoyambazo anazisula zochuluka kwambiri moti kwa zaka zingapo panalibe chifukwa chosulira zina. Makobidi onse amene mavidiyo aja amakamba akukhala m'mipata imeneyi.

Ma ruble a 2002 anangotuluka m'timapaketi ta osonkhanitsa. A 2003, omwe ndi 1, 2 ndi 5 ruble a СПМД, anasulidwa pafupifupi 15,000 pa mtundu uliwonse, ndipo anadzalowa m'manja mwa anthu ngati chenji wamba. Pa dziko la anthu oposa 140 miliyoni, chiwerengero chimenecho ndi kadontho. Ndiye pali ena osowa kuposa pamenepo, omwe odziwika ake ungawawerenge ndi zala: 5 ruble ya 1999, komanso 50 kopek, 1 ruble ndi 2 ruble wamba za 2001. Ya m'kavidiyo ka mlongo wanga inali 5 ruble ya 1999 imeneyo. Nkhani yake ndi yoona, koma kavidiyoko sikananene kuti ya 1997 ndi ya 1998, zomwe zimafanana nayo ndendende kupatula nambala imodzi yomaliza, mtengo wake ndi 5 ruble basi.

Lachisanu usiku

Mtima unagunda lero. Ndinali kumapeto kwa mulu wa ma 5 ruble pamene ndinaona chaka chooneka ngati 2003. Ndinaimirira, n'kuyatsa magetsi onse, n'kulibweretsa pafupi ndi nyale. Silinamate ku maginito, kamzere kofiira kanalipo, kulemera kwake kunali kolondola. Zonsezo zikugwirizana ndi 2003. Koma zikugwirizananso ndi 2008, chifukwa zaka ziwirizi chitsulo chake n'chimodzi. Nditaika galasi, ndinaona kuti nambala yomalizayo inamenyedwa ndi chinthu cholimba chakumanzere kwake, mimba ziwiri za 8 n'kuphwanyika. Timizere ta 8 tinkaonekabe pansi pa chipsera ngati mapazi a mbewa pa fumbi. Ndipo pansi pa phazi la mbalame panali ММД, osati СПМД. Ndinakhala pansi kwa kanthawi. Ndalisunga m'kathumba kakekake, ndalemba kuti "2008, yovulala", chifukwa landiphunzitsa kuyang'ana chizindikiro cha fakitale ndisanayambe kusangalala ndi chaka.

Ndayang'ananso ma ruble onse a 1997 a ММД pofuna uja wa mkombero waukulu. Pa ruble wamba, kumbali yolembedwa nambala, katsamba kapamwamba ka chomera chokongoletsera sikafika pa mkombero. Pa wosowayo mkombero ndi wotambalala ndi wophwatalala moti umadya nsonga ya katsambako. Ndinapeza awiri ondikayikitsa, koma nditawayika pambali pa anzawo, kusiyana kwake kunali kwa kutha chabe.

Sabata yachinayi: ma 10 ruble ndi achikumbutso

Khobidi la 10 ruble lachikasu linabwera mu 2009 kudzalowa m'malo mwa ndalama yapepala yomwe inkang'ambika msanga. M'mimba mwake ndi mamilimita 22, laling'ono kuposa 5 ruble, koma lonenepa. M'kati mwa ziro muli timizere, ndipo ukalipendeketsa mbali imodzi umaona 10, ukalipendeketsa kwina umaona РУБ, chidule cha mawu oti ruble. Ndakhala ndikuligwira tsiku ndi tsiku kwa zaka zitatu osadziwa zimenezi. Ndinaonetsa mnzanga wa chipinda choyandikana, nayenso anakhala akulitembenuza pa nyale kwa nthawi ndithu.

Pakati pa achikasuwa ndapeza a mndandanda wa mizinda yolemekezedwa chifukwa cha nkhondo, womwe unayamba mu 2011. Ndili ndi Belgorod, Kursk ndi Yelets a 2011, komanso Voronezh ya 2012, yomwe ndaiika patsamba loyamba popeza ndi mzinda umene wandisunga. Lililonse mwa amenewa linasulidwa 10 miliyoni, choncho mtengo wake suposa wolembedwawo ndi zambiri, pokhapokha likhale losagwiridwagwiridwa.

Okongola koposa ndi a zitsulo ziwiri, pakati poyera, mkombero wachikasu, mamilimita 27, ngati ma K5 ndi K10 aja tinali nawo kwathu asanabwere ang'onoang'ono a 2012. Loyamba linatuluka mu 2000 pokumbukira zaka 55 chithere nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, lotsatira mu 2001 la Gagarin, munthu woyamba kuulukira kuthambo. Mu 2002 unayamba mndandanda wa mizinda yakale, mu 2005 wa zigawo za dziko. M'mphepete mwake mwalembedwa mawu oti ma ruble khumi kawiri, pakati pali tinyenyezi. M'botolo lonse ndapezamo asanu ndi limodzi okha, chifukwa anthu akawaona pa chenji amawabisa nthawi yomweyo.

Pa mndandanda wa zigawo pali atatu a 2010 omwe osonkhanitsa kuno amawatchula ndi dzina limodzi, ЧЯП, kutenga chilembo choyamba cha lililonse: Chechnya, Yamalo-Nenets ndi Perm. Anzawo ambiri anasulidwa 10 miliyoni, koma Chechnya ndi Yamalo-Nenets 100,000 lililonse, Perm 200,000. Kapangidwe n'kofanana ndi ena onse, chitsulo n'chomwecho, kukongola kwake sikuposa kwa Voronezh Oblast ya 2011 yomwe ndili nayo. Koma atatuwa amagulidwa ma ruble masauzande angapo, pamene langali ndi la makumi ochepa.

Zina zomwe zatuluka: 2 ruble ya 2000 ya Tula ndi ya Murmansk, pa mizinda isanu ndi iwiri ya mndandanda wokumbukira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, 2 ruble ziwiri za Gagarin za 2001, zokumbukira zaka 40 chiulukire kuthambo pa 12 Epulo 1961, zonse zili ndi chizindikiro cha fakitale, pomwe yofunidwa ndi yopanda chizindikiro, 2 ndi 5 ruble zingapo za 2012 za nkhondo ya 1812 yolimbana ndi Napoleon, ndi ruble za 2014 zokhala ndi chizindikiro chatsopano cha ₽, zomwe zinasulidwa 100 miliyoni. Za 2014 zimenezi ndaziona pa intaneti zikutsatsidwa pa mitengo yoopsa. Ine ndili nazo zisanu ndi zinayi zochokera mu minibasi.

Loweruka, kwa ogulitsa

Ndinatenga kope ndi makobidi khumi omwe ndimawaona ngati abwino kupita nawo kwa bambo wina wachikulire amene amagulitsa ndalama zakale ndi mabaji pa kathebulo. Sanafulumire. Anavala magalasi, n'kumagwira lililonse cham'mbali ndi zala ziwiri, osakhudza nkhope yake. Ruble ya Pushkin anangoiyang'ana kamodzi n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, unaitsuka ndi chiyani?" Nditawauza anapukusa mutu, n'kundionetsa yawo, yotuwa pang'ono koma yosalala ngati madzi. Anati yotuwayo angagule, yangayo ayi.

Pa khumi aja anasankhapo awiri: 2 ruble ya 1999 ya ММД, yomwe anati siipezekapezeka, ndi la zitsulo ziwiri limodzi lomwe linali lisanakandike. Mtengo womwe anatchula pa awiriwo unali wokwana kugula chakudya chamasana kamodzi. Sindinagulitse. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, nanga mitengo ya mamiliyoni yomwe timaona pa intaneti ija?" Anati aliyense atha kulemba mtengo umene wafuna, ndipo chofunika kuyang'ana ndi mtengo umene chinthu chinagulidwadi pa malonda a okshoni. Anandichenjezanso kuti ЧЯП ndi ma ruble a 2003 ali ndi achinyengo ambiri, ena opangidwa mwaluso moti umafunika sikelo ndi galasi kuti uwagwire, choncho ndisagule kwa munthu wongokumana naye.

Chomwe ndinatolapo n'choti pa makobidi amakono a kuno, ukale suwerengedwa. A 1997 ndiwo akale kwambiri, ndiwonso ochuluka kwambiri. Chimene chimakweza mtengo ndi kuchepa kwa omwe anasulidwa chaka chimenecho pa fakitale imeneyo, kenako mmene khobidilo lasungikira. Ndauza mlongo wanga zimenezi pa foni madzulo ano. Anaseka, n'kunena kuti, "Basi achimwene, mudzangondibweretsera la Gagarin limodzi." Ndamupatulira lowala bwino pa awiri aja.

Pomwe ndafika

Ma kopek ndi ma ruble onse asanjidwa ndipo alembedwa m'kope: chaka, fakitale, kumata kapena kusamata ku maginito. Ndagula buku la timatumba tapulasitiki ndipo ndayamba kulowetsamo, lililonse ndi kapepala kake. Pa ma ruble wamba omwe munthu angawapeze pa chenji, akusowa ndi 5 ruble ya 2009 ya СПМД yosamata, ndi 2 ruble ya 1999 ya СПМД. Ndapempha anzanga atatu a pa hositelo kuti asataye chenji chawo ndisanachione, ndipo mmodzi wabweretsa kale kachitini kodzaza ma 10 kopek.

Otsala onse, omwe ndi ambiri, ndawaika m'timatumba potengera mtengo wake. Banki ya Russia imakhala ndi sabata yosonkhanitsa makobidi, pamene mabanki amalandira chenji n'kukupatsa ndalama zapepala popanda kudula kanthu, ndiye ndikudikira imeneyo. Ndisanawapereke ndibwerezanso kamodzi ma 5 kopek a 2002 ndi 2003, ndi ma 10 ruble achikasu wamba (osati achikumbutso) a 2011 ndi 2012, omwe sindinawayang'ane chizindikiro bwinobwino. Bambo aja anati a zaka ziwirizi pafupifupi onse ndi a ММД, ndipo la СПМД likapezeka ndisalitsuke, ndisaligwire pankhope, ndipite nalo kwa iwo aliwone kaye. Mawa ndiyambira pa kachitini ka mnzanga kaja, masana, pa windo.